Kodi ndere zikamasuluka pa dzuwa lamphamvu, wolakwa ndi kuwala kapena okosijeni?

Aphunzitsi a Biology

Ndikupempha anzanga a pa gulu lino amene mumadziwa bwino za ndere kuti mundithandize pa funso limene ophunzira a Fomu 4 amafunsa tikafika pa mutu wa photosynthesis. Timawaphunzitsa kuti ndere zobiriwira, monga Chlorella, zimagwiritsa ntchito kuwala pophwanya madzi, ndipo okosijeni amatuluka ngati chotsalira cha ntchitoyo. Komano mabuku ena amanena kuti ndere zomwezo zikawombedwa ndi kuwala kwamphamvu kwambiri zimasuluka mpaka kuyera, ndiponso kuti kusulukako kumafuna okosijeni. Kodi chimene chimawononga utoto wobiriwirawo kwenikweni n'chiyani? Ndipo ngati ndi okosijeni, zimatheka bwanji kuti chamoyo chizivulazidwa ndi mpweya umene chimapanga chokha tsiku ndi tsiku, koma n'kumachulukanabe m'madamu ndi m'nyanja?

Mayi wa ku labotale

Aphunzitsi, funso lanuli ndi lakale ndithu, ndipo linayesedwa pa ndere zomwezi za Chlorella. Mu 1920 Otto Warburg anaona kuti okosijeni akachuluka m'madzi, photosynthesis ya Chlorella imatsika. Mu 1940 Jack Myers ndi George Burr anasonyeza kuti kuwala kukapyola muyeso, nderezi zimayamba kutulutsa okosijeni wochepa m'malo moonjezera. Koma kafukufuku amene amayankha funso lanu mwachindunji ndi wa Cyrille Sironval ndi Otto Kandler wa mu 1958. Iwo anaika Chlorella pa kuwala kwamphamvu zedi, ndipo anapeza kuti zinthu zimachitika m'magawo awiri. Poyamba maselo amaonekabe obiriwira ngati kale, pamene photosynthesis ikufooka mwakachetechete, ndipo pambuyo pake m'pamene utoto umayamba kutha. Carotene, utoto wachikasu, ankatha msanga, utoto wobiriwira wa chlorophyll a n'kumatsatira, ndipo chlorophyll b ankalimbako. Okosijeni akachotsedwa, kusulukako kunkalephereka ngakhale kuti kuwala kunali komweko.

Choncho pamafunika zonse ziwiri, koma chilichonse chili ndi mbali yake. Kuwala ndiko kumabweretsa mphamvu yopyola imene selo lingagwiritse ntchito, ndipo okosijeni ndiye amene amatola mphamvu yotsalayo n'kuwonongera utoto.

Wophunzira chemistry

Ndiloleni ndionjezere mmene kutolako kumachitikira. Molekyu ya chlorophyll ikayamwa kuwala, elekitironi yake imodzi imakwera pa mlingo wa mphamvu wapamwamba. Zinthu zikamayenda bwino, mphamvuyo imapatsiridwa ku mamolekyu oyandikana mpaka kukafika pa chimake cha photosystem (gulu la mapuloteni ndi utoto limene limagwira kuwala, ndipo alipo awiri, photosystem I ndi II), pamene imagwira ntchito yosuntha maelekitironi, ndipo ulendo wonsewu umatha m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Kuwala kukachuluka, njira ya maelekitironi imadzaza, chifukwa mbali imene imagwira kaboni dayokisaidi siyingathe kuthamanga mofanana ndi mbali imene imayamwa kuwala. Pamenepo chlorophyll amakhalitsa ali ndi mphamvu ija, ndipo mamolekyu ena amasinthira ku mkhalidwe wotchedwa triplet, umene umakhalitsa kuwirikiza ka 1,000 kapena kuposerapo. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti molekyu ya okosijeni ifike pafupi n'kulandira mphamvuyo, ndipo ikatero imasanduka singlet oxygen, okosijeni wodzaza mphamvu amene amawononga zinthu msanga.

Singlet oxygen amathamangira pamene pali ma double bond (maatomu olumikizana kawiri) otsatizana, ndipo utoto wa chlorophyll ndi wa carotene umachokera pa mndandanda womwewo wa ma bond. Mndandandawo ukaduka, molekyu imaleka kuyamwa kuwala kofiira ndi kwa buluu, n'chifukwa chake maso athu amaona kuyera. Munthu woyamba kunena kuti okosijeni wotereyu alipo pa nkhani ya utoto ndi kuwala anali Hans Kautsky mu 1931, koma anzake ambiri sanamukhulupirire mpaka Christopher Foote atabweretsa umboni wa chemistry mu 1964.

Aphunzitsi a Biology

Zikomo kwambiri Mayi ndi achimwene. Koma ndikudziwa kuti mwana wochenjera adzakweza dzanja n'kufunsa kuti, ngati okosijeni ali ponseponse, wokwana 21 peresenti ya mpweya umene timapuma, n'chifukwa chiyani sawononga chlorophyll usiku kapena pa mthunzi?

Wophunzira chemistry

Aphunzitsi, okosijeni wamba ali ndi chikhalidwe chachilendo. Maelekitironi ake awiri akunja sali pawiripawiri monga mmene zilili m'mamolekyu ambiri a zamoyo, ndiye kuti iyeyo ali kale mu mkhalidwe wa triplet ngakhale asanalandire mphamvu iliyonse. Malamulo a spin, okhudza mmene maelekitironi amakhalira pawiripawiri, amachititsa kuti molekyu yotere ichedwe kwambiri kugwirana ndi mamolekyu a singlet, amene maelekitironi awo ali pawiripawiri, monga mafuta, mapuloteni ndi chlorophyll amene sanayamwe kuwala. Koma ikakumana ndi triplet inzake, chotchinga chija sichikhalapo, ndipo kupatsirana mphamvu kumachitika mosavuta ndi mwachangu. Singlet oxygen ali ndi mphamvu yoposa okosijeni wamba ndi ma kilojoule 94 pa mole, ndipo triplet ya chlorophyll ili ndi mphamvu yoposa imeneyi, choncho kupatsirako n'kotsetsereka. M'madzi singlet oxygen amakhala ma microsecond 3 kapena 4 okha, ndipo m'selo, mmene muli zinthu zambiri zoti agundane nazo, sapita patali. Amawononga pafupi ndi pamene wabadwira, ndipo amabadwira pakati penipeni pa utoto ndi mapuloteni a photosystem.

Bambo opuma pa ntchito

Zimene mwafotokozazi n'zoona, achimwene, koma ndikufuna tisathamangire kupereka mlandu wonse kwa singlet oxygen. Kuchotsa okosijeni m'botolo la ndere sikuchotsa chinthu chimodzi chokha. Mukachotsa okosijeni mwaimitsa kupuma kwa maselo, mwaimitsa photorespiration (pamene selo limagwira okosijeni m'malo mwa kaboni dayokisaidi pa kuwala), mwasinthanso mmene maelekitironi akuunjikirana m'njira yonse. Ndiponso pali mitundu ina ya okosijeni woopsa. Mu 1951 Alan Mehler anasonyeza kuti ma chloroplast amatha kupereka maelekitironi kwa okosijeni, ndipo lero tikudziwa kuti pa photosystem I pamatuluka superoxide, amene amasanduka hydrogen peroxide, ndipo peroxide akakumana ndi ayironi amabala hydroxyl radical, amene sasankha choti awononge. Ndiye munthu akandiuza kuti ndere sizinasuluke mu naitirojeni, ndimavomera kuti okosijeni akukhudzidwa, koma sindinauzidwebe kuti akukhudzidwa kudzera njira iti.

Umboni umene ine ndimaulemekeza kwambiri pa nkhani yonseyi sunachokere pa ndere ayi. Mu 1955 gulu la Roger Stanier ndi Germaine Cohen-Bazire ku Berkeley linagwiritsa ntchito bakiteriya wa Rhodopseudomonas sphaeroides, amene amachita photosynthesis popanda kutulutsa okosijeni. Iwo anapeza mtundu wake wina umene sunkapanga ma carotenoid a utoto, omwe ndi banja la carotene. Mtundu umenewu unkakula pa kuwala popanda mpweya, koma akauika pa kuwala ndi mpweya pamodzi unkafa msanga ndipo bacteriochlorophyll wake (chlorophyll wa mabakiteriya) ankawonongeka, pamene mtundu wachibadwa unkapirira. Ubwino wa kafukufukuyu ndi wakuti wofufuza ankatha kulowetsa ndi kutulutsa okosijeni mmene akufunira, zimene ndere sizilola, popeza zimadzipangira wawo mukangoyatsa nyale.

Mayi wa ku labotale

Bambo, mwakhudza pamene pamavutadi, ndipo pali njira zingapo zimene ofufuza amasiyanitsira. Singlet oxygen akamabwerera ku mkhalidwe wamba amatulutsa kuwala kofooka kwambiri pa 1,270 nanometre, ndipo kuwala kumeneku ndi chizindikiro chake yekha. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito heavy water (madzi okhala ndi haidrojeni wolemera) m'malo mwa madzi wamba, chifukwa mmenemo singlet oxygen amakhalitsa kuwirikiza koposa ka 10, ndiye kusuluka kukafulumira mu heavy water timadziwa amene akugwira ntchito. Palinso mankhwala monga azide ndi histidine amene amamuzimitsa. Osamu Nanba ndi Kimiyuki Satoh atakwanitsa kupatula chimake cha photosystem II mu 1987, zinaoneka kuti chimakecho chimasuluka msanga pa kuwala pakakhala mpweya, koma chimalimba okosijeni akachotsedwa ndi maenzaimu a glucose oxidase pamodzi ndi catalase. Mu 1994 Alison Telfer ndi anzake ku Imperial College ku London anasonyeza kuti chimake chimenechi chimapangadi singlet oxygen. Choncho pa photosystem II umboni ndi wolimba, pamene pa photosystem I superoxide ndi abale ake ndiwo ali patsogolo.

Komabe pali njira imodzi imene utoto umawonongekera popanda okosijeni konse, ndipo ndi bwino Aphunzitsi aidziwe. Chlorophyll wa pachimake, wotchedwa P680, akataya elekitironi amasanduka chimodzi mwa zinthu zolanda maelekitironi mwamphamvu kwambiri m'chilengedwe chonse cha zamoyo, chifukwa ntchito yake ndi kulanda maelekitironi ku madzi. Gawo la manganese limene limaphwanya madzi likawonongeka, P680 amakhalitsa ali wopanda elekitironi, ndipo amailanda kwa carotene kapena chlorophyll amene wayandikana naye. Izi zimachitika ngakhale mu naitirojeni weniweni. Koma zimakhudza mamolekyu ochepa a pachimake, ndipo sizikwanira kuyeretsa selo lonse mmene zimachitikira pakakhala okosijeni.



Alangizi a za nsomba

Ine ndimayendera alimi a makumba ndi chambo, ndipo ndikufuna kudziwa ngati zimene mukukambazi ndi zomwe timaona m'madamu. Timalangiza mlimi kuthira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire, kenako kulowetsa mkono mpaka m'chigongono, ndipo chikhatho chikasowa mkono usanafike pamenepo ndiye kuti manyowa achuluka. Damu lotere, m'nyengo yotentha ya mu Okutobala kukakhala bata, limayamba kuyandamitsa ndere pamwamba ngati utoto wothiridwa. Pakapita masiku ochepa a dzuwa lowala, chiyangayanga chija chimasintha, chimayamba kutuwa, m'mphepete muli timizere tabuluu ndi toyera, fungo n'kuyamba. M'mawa wotsatira nsomba zimapezeka pamwamba zikuyasamula kukamwa. Kodi kutuwako ndi komweku kwa okosijeni? Ndikufunsa chifukwa chimene chimapha nsombazo ndi kusowa kwa okosijeni, ndiye zimandizunguza mutu kumva kuti kuchuluka kwake n'kumene kwapha ndere.

Mayi wa ku labotale

Alangizi, zonse ziwiri zimachitika m'damu limodzi, koma pa maola osiyana. Madzi a madigiri 25 akakhala pa mgwirizano ndi mpweya wa kunja amasunga okosijeni wokwana pafupifupi mamiligalamu 8 pa lita. M'damu lobiriwira kwambiri, masana dzuwa litapendeka, okosijeni wa pamwamba amatha kuwirikiza kawiri kuposa pamenepa, ndipo pa nthawi yomweyo ndere zimakhala zitamwa kaboni dayokisaidi wambiri moti pH imakwera kufika 9 kapena 10. Taonani mmene zinthu zaunjikirana: kuwala kuli pachimake, okosijeni wachuluka, ndipo kaboni dayokisaidi, amene akanalandira mphamvu ija, wachepa. Maselo amene ayandama pamwamba sangathawire pansi popeza kulibe mphepo yovundula madzi.

Zimenezi zinafufuzidwa pa madamu a nsomba a ku Israel. Mu 1972 Aharon Abeliovich ndi Moshe Shilo anafalitsa zimene anapeza pa ndere zobiriwira mwabuluu, zimene kwenikweni ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Anasonyeza kuti maselowa amafa pa kuwala okosijeni akachuluka ndipo kaboni dayokisaidi akasowa, ndiponso kuti kuzizira kumawachititsa kufa mosavuta. Timizere tabuluu timene mumaonato ndi phycocyanin, utoto wosungunuka m'madzi umene umatayika maselo akaphulika. Ndere zikafa, mabakiteriya oziwoletsa amamwa okosijeni usiku wonse pamene kulibe zomubwezera, ndiye m'bandakucha nsomba zimabanika. Amene amalima ndere m'mapaipi oonekera, monga ku Almería ku Spain, amalimbana ndi vuto lomweli, chifukwa okosijeni alibe kothawira ndipo amatha kuwirikiza katatu kapena kanayi poyerekeza ndi madzi wamba. N'chifukwa chake salola paipi kutalika mopyola, ndipo amaika thanki yopemerera mpweya kuti okosijeni atuluke madziwo asanabwerere pa dzuwa.

Bambo opuma pa ntchito

Ndibwerere pa gawo loyamba la Sironval ndi Kandler, pamene maselo ali obiriwira koma photosynthesis ikufooka, chifukwa ndi pamenepa pamene akatswiri amatsutsana mpaka lero. Mu 1984 David Kyle, Itzhak Ohad ndi Charles Arntzen anasonyeza pa ndere za Chlamydomonas reinhardtii kuti chimene chimayamba kuwonongeka ndi puloteni imodzi ya photosystem II, imene lero timaitcha D1. Puloteni imeneyi imawonongeka nthawi zonse pa kuwala, ngakhale kuwala kwapakatikati, ndipo selo limaichotsa n'kuika yatsopano. Pa dzuwa lamphamvu theka la D1 limatha kusinthidwa m'mphindi pafupifupi 30. Apa ndi pamene pali yankho la funso lachiwiri la Aphunzitsi. Ndere sizipulumuka chifukwa chakuti sizivulala, zimapulumuka chifukwa kukonza kumayenda mofanana ndi kuwonongeka.

Ndiye kuyambira mu 2001 Yoshitaka Nishiyama ndi Norio Murata ku Japan, pogwiritsa ntchito Synechocystis, anabweretsa mfundo yakuti mitundu yoopsa ya okosijeni siwonjezera kwenikweni liwiro la kuwonongeka kwa photosystem II, koma imalepheretsa kupangidwa kwa D1 yatsopano, pogwira zida za selo zolumikizira mapuloteni. Ngati iwo akulondola, ndiye kuti pa gawo loyambali kuwala kumavulaza pakokha, ndipo okosijeni amangotsekereza wokonza. Ine ndimaona kuti mfundo yawo ili ndi mphamvu kuposa mmene mabuku a ophunzira amaisonyezera.

Wophunzira chemistry

Bambo, ndikuvomereza kuti kukonza kumalepheretsedwa, koma sindikuona chifukwa chosankhira chimodzi. Chimake chopatulidwa chimene Mayi atchula chilibe zida zokonzera n'komwe, komabe chimasuluka pa mpweya n'kulimba popanda mpweya. Pamenepo okosijeni akuvulaza mwachindunji. Ndiponso funso la Aphunzitsi linali la utoto, ndipo pa kutha kwa utoto wenicheniwo sindikudziwa mmene tingamuchotsere singlet oxygen pa mlandu.

Bambo opuma pa ntchito

Pa utotowo sindikukutsutsani, achimwene. Chimene ndikukana ndi kuuza ana kuti okosijeni ndi mdani basi. Njira ya Mehler ija, ngakhale imabala superoxide, imatulutsanso maelekitironi amene akanaunjikana, ndipo selo lili ndi superoxide dismutase, enzaimu imene Joe McCord ndi Irwin Fridovich anailongosola mu 1969, pamodzi ndi ma peroxidase amene amasandutsa zotsalazo kukhala madzi. Kuposa apo, cyanobacteria ndi ndere zobiriwira zili ndi mapuloteni otchedwa flavodiiron, amene amapereka maelekitironi kwa okosijeni n'kupanga madzi mwachindunji popanda kutulutsa superoxide. Maselo amene achotsedwa mapuloteni amenewa amavutika kwambiri kuwala kukamasinthasintha mwadzidzidzi, monga mmene zimachitikira mtambo ukadutsa kapena funde likakweza selo pamwamba, ndipo photosystem I yawo imawonongeka. Choncho okosijeni yemweyo amene amasulutsa utoto pa photosystem II ndi amene amateteza photosystem I polandira maelekitironi osowa kopita.

Aphunzitsi a Biology

Pali chinthu china chimene sichikundilowa. Mwanena kuti ma carotenoid ndiwo amateteza, monga mmene bakiteriya wa ku Berkeley anasonyezera. Nanga bwanji pa Chlorella carotene ndi amene ankayamba kutha?

Mayi wa ku labotale

Amayamba kutha chifukwa ndi amene amakumana ndi singlet oxygen kawirikawiri. Mu 1968 Foote ndi Robert Denny anasonyeza kuti beta-carotene amalanda mphamvu ya singlet oxygen n'kuitaya ngati kutentha, iye n'kubwerera mwakale, ndipo amatha kubwereza zimenezi kambirimbiri. Chimene chimamupatsa luso limeneli ndi mndandanda wake wa ma double bond 11 otsatizana. Koma mwa apo ndi apo, m'malo mongolanda mphamvu, molekyu ya carotene imagwirana ndi okosijeniyo n'kuduka. Kuwala kukapitirira, kuduka kwa apo ndi apo kumeneku kumaunjikana, carotene amachepa, ndipo chlorophyll amatsala poyera. Izi zikugwirizana ndi nthawi yodikira ija imene imakhalapo kusuluka kusanaoneke.

Palinso nkhani ya malo. M'mapuloteni osonkhanitsa kuwala, ma carotenoid amakhala mogundana ndi chlorophyll, ndipo amalanda triplet okosijeni asanafike n'komwe. Koma pachimake cha photosystem II carotene sangakhale pafupi chotero ndi P680, chifukwa akanalandidwa elekitironi nthawi yomweyo. Amakhala chapatali, kumene sangazimitse triplet, ndipo amangodikira kugwira singlet oxygen amene wapangidwa kale. Singlet oxygen wina amazemba osagwidwa, ndipo puloteni imene wayandikana nayo ndi D1.

Chitetezo china ndi kutaya mphamvu triplet isanapangike. Kuwala kukachuluka, ndere zobiriwira zimasandutsa violaxanthin kukhala zeaxanthin m'mphindi zochepa, ma diatom (mtundu wina wa ndere) amasandutsa diadinoxanthin kukhala diatoxanthin, ndipo cyanobacteria ali ndi orange carotenoid protein, puloteni imene imagwira ntchito yomweyi. Krishna Niyogi ndi anzake anapeza mtundu wa Chlamydomonas wosowa zeaxanthin ndi lutein, umene umakula bwino pa kuwala kochepa koma umasuluka ukaikidwa pa kuwala kwamphamvu. Mbali inayo pali ndere zimene zimachulukitsa chitetezo mpaka kusintha maonekedwe. Dunaliella salina, imene imafiiritsa madzi amchere a Hutt Lagoon ku Western Australia, imaunjika beta-carotene wofika pafupifupi 10 peresenti ya kulemera kwake ikauma, ndipo Haematococcus pluvialis imafiira ndi astaxanthin. Utoto woterewu umakhala m'timadontho ta mafuta ndipo umatchinga kuwala kusanafike pa chlorophyll.

Ku labotale timaziona m'njira yosavuta. Mukatenga madzi obiriwira kwambiri n'kuwasungunula m'botolo latsopano, maselo saphimbananso, ndipo mukaliika botololo pafupi ndi nyale limatha kuoneka lachikasu mawa lake, kenako mbuu, pansi pali timadontho toyera tokhatokha. Botolo lofanana nalo mukaliyamba pa kuwala kochepa n'kumalisendeza pang'onopang'ono limapirira kuwala komweko, chifukwa maselo amakhala atachepetsa mapuloteni osonkhanitsa kuwala n'kuchulukitsa zoteteza.

Alangizi a za nsomba

Zikomo Mayi, za madamu zija zamveka. Ndifunseko za makorali. Mu 1998 makorali a m'mphepete mwa nyanja ya Indian, ku Kenya, Tanzania ndi Mozambique, anayera kwambiri madzi atatentha. Kodi nawonso ndi utoto wa ndere wowonongedwa ndi okosijeni?

Bambo opuma pa ntchito

Alangizi, pamenepo tisasakanize. Makorali amasunga ndere za banja la Symbiodiniaceae m'maselo awo, ndipo kuyera kwawo kumachokera makamaka pa kutayika kwa nderezo, moti mafupa oyera a laimu amaonekera kudzera m'thupi lopanda utoto. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti kutentha pamodzi ndi kuwala kumachititsa ndere kutulutsa mitundu yoopsa ya okosijeni, ndipo zimenezi n'zimene zimayambitsa kulekanako, koma pali kafukufuku wina amene wapeza kuyera popanda kukwera kwa mitundu imeneyi, ndiye mtsutso udakalipo.

Palinso kusuluka kwachitatu kumene Aphunzitsi ayenera kukusiyanitsa. Cyanobacteria akasowa naitirojeni amasanduka achikasu, koma si kuti avulala. Amaphwanya dala mapuloteni awo a utoto wabuluu kuti atengemo naitirojeni ndiponso kuti achepetse kuwala kumene akuyamwa. Mu 1994 Jackie Collier ndi Arthur Grossman anapeza kapuloteni kakang'ono kotchedwa NblA kamene kamayambitsa ntchitoyi. Maselo oterewa mukawapatsa naitirojeni amabiriwiranso, pamene selo limene layera chifukwa cha singlet oxygen nthawi zambiri limakhala litafa.

Aphunzitsi a Biology

Ndathokoza nonse. Tsopano ndikufuna ana aone okha. Ndikuganiza zotunga madzi obiriwira m'damu, kuwathira m'ma test tube awiri, ina n'kuitseka ndi chivindikiro kuti mpweya usalowe, ina n'kuisiya yotsegula, zonse n'kuziika pa dzuwa. Kodi zimenezi zingasonyeze mbali ya okosijeni?

Mayi wa ku labotale

Aphunzitsi, zotsatira zake zingakhale zotembenuka ndi zimene mukuyembekezera. Ndere zamoyo zikakhala mu tube yotseka pa dzuwa zimadzaza madziwo ndi okosijeni wawo n'kumaliza kaboni dayokisaidi, choncho tube yotsekayo ndi imene ingasuluke msanga. Zimenezi n'zophunzitsa pazokha, koma muyenera kuwauza ana kuti tube yotseka ndiyo ya okosijeni wochuluka. Mungaonjezere tube yachitatu yotseka, yothiramo soda wophikira pang'ono kwambiri kuti kaboni asasowe.

Ngati mukufuna kuona utoto pawokha, sinjani masamba a nkhwani kapena a bonongwe mu ethanol kapena spirit yopanda utoto, musefe, mugawe m'ma tube atatu. Yoyamba ikhale yatheka ndi yotsegula, yachiwiri yodzaza mpaka pakamwa ndi yotseka popanda thovu, yachitatu yokulunga ndi foil. Yotsegula pa dzuwa imasuluka mofulumira kuposa masamba amoyo, chifukwa chlorophyll walekanitsidwa ndi mapuloteni amene ankamusunga mogundana ndi ma carotenoid.

Wophunzira chemistry

Ndichenjezeko pa tube yachiwiriyo. Ethanol amasungunula okosijeni wochuluka kuwirikiza kangapo kuposa madzi, ndiye kungotseka sikukwanira, ndipo poyamba tube yotseka idzasuluka pafupifupi mofanana ndi yotsegula. Ngati kulibe naitirojeni woti mupemerere, tenthetsani spirit m'madzi otentha, moto mutazimitsa, kenako muitseke isanazizire, ndipo utotowo ukhale wokhuthala kuti okosijeni wotsalayo athe utoto usanathe. Musapemerere kaboni dayokisaidi wochokera ku viniga ndi soda, chifukwa asidi amachotsa magnesium pakati pa chlorophyll n'kumusandutsa pheophytin wa mtundu wa bulauni, ndipo ana adzaganiza kuti kumeneko n'kusuluka.

Bambo opuma pa ntchito

Ndipo ma tube onse aimikidwe m'beseni loonekera la madzi, Aphunzitsi, ndi thermometer pambali. Tube yokulunga ndi foil siitentha mofanana ndi inzake ili pa dzuwa la masana, ndipo mukapanda kusamala pamenepa mwana wochenjera uja adzakuuzani kuti chimene chasulutsa utoto ndi kutentha. Madziwo muziwasintha akayamba kufunda, ndipo ana azilemba mtundu wa tube iliyonse pakadutsa mphindi 15 zilizonse, ataiyang'anitsa pa pepala loyera.